Kusaka Ampu ku Kanyama

Alamu anga anayamba ndi kuyeza chipinda. Unali m'mawa wa Loweruka, mwezi wa Okutobala 2024, m'komboni ya George, kuseri kwa Matero mu Lusaka, ndipo ngakhale dzuwa linali lisanakwere malata anali atayamba kale kuthetheka. Anaponda kuchokera pakhomo kukafika kukhoma la TV: kanayi. Kuchokera pazenera kukafika pakabati ya mbale: katatu ndi theka. M'kati mwa malo amenewo muli masofa awiri, tebulo, kafiriji, ndi mpando wa agogo, mayi awo a alamu, umene palibe amausuntha. Kuseri kwa khoma la kumanzere kumakhala banja lina la lendi, ndipo khanda lawo likatsokomola usiku timalimva ngati lili m'nyumba mwathu.

Ine ndinachokera ku Lilongwe kudzacheza kwa achemwali anga, ndipo ndinapeza nyumba ili zii. Home theatre yawo yakale inapsa mwezi wapitawo, usiku wina magetsi atabwerera mwaukali. Alamu anali atangolandira K4,500 ya chilimba, chimene kwathu timati chipereganyu, ndipo ndalamayo anaipatulira chinthu chimodzi: ampu. Koma aliyense m'nyumbamo anali ndi ampu yakeyake m'mutu. Alamu ankafuna kumva gitala ya besi ya kalindula, ya P.K. Chishala ndi Amayenge, ikuyenda bwinobwino m'malo mongogunda. Achemwali ankafuna makwaya ndi sewero la Mpali la pa Zambezi Magic. Ana ankafuna mafilimu a zipolopolo ndi nyimbo za Yo Maps za pafoni. Agogo anayankhula komaliza, ife tili kale pakhomo.

"Ine ndifuna chabe kumva zimene akamba anthuwo. Phokoso ndimva, mawu sindimva."

Tinatuluka 7 koloko. Tinjira ta ku George n'topapatiza, tokhotakhota pakati pa nyumba za mabuloko, ndipo m'mawa umenewo munali utsi wa mbaula wokhawokha, chifukwa khomo lililonse linkaphikira malasha, monga amatchulira makala kuno. Pampopi panali mzere wa zigubu zachikasu. Pa kantemba ka ometa tsitsi jenereta inkalira patsinde pa mtengo wa mango. Chilala cha chaka chimenecho, chimene Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza pa 29 Febuluwale kuti ndi ngozi yogwera dziko lonse, chinali chitaphwetsa madzi ku Kariba, ndipo popeza magetsi ambiri a Zambia amachokera m'madzi, madera ochuluka ankakhala maola ofika 21 pa tsiku mumdima.

"Alamu," ndinafunsa, "n'kugula ampu nthawi ino, ya magetsi a maola atatu?"

"Mvula idzabwera, alamu, Kariba adzadzala. Koma ndalama ya chilimba ikagona m'thumba sabata imodzi, sidzukanso."

Minibasi inatidula K15 aliyense. Ndinakhala kumbuyo, maondo atatsamira mpando wa kutsogolo, ndipo pansi pa mpando wangawo panali wufa imene inkandigwedeza akatumba ulendo wonse. Nyimbo sindinaizindikire, ndinkangomva du, du, du. Tinadutsa m'Matero, pakati pa nyumba zakale za khonsolo, mabala ndi misika, kenako tinalowa msewu wa Lumumba wa mafakitale ndi malole, uku Findeco House ikuonekera patali m'chifunga cha fumbi.

Tinatsikira pafupi ndi City Market, n'kudutsa pakati pa milu ya salaula kulowera ku Freedom Way ndi Chachacha Road, kumene kuli Town Centre Market ndi masitolo a zamagetsi. Kumeneko khutu silipuma. Pakhomo pa sitolo iliyonse pali jenereta, ndipo pambali pa jenereta pali sipika yoyesetsa kuiposa: kwaya kumanja, amapiano kumanzere, kutsogolo mawu ojambula a wogulitsa mankhwala a makoswe akubwereza zomwezomwezo, pamwamba pa fungo la petulo, chipisi ndi soseji yowotcha. Katundu amene ankayenda malonda kwambiri ndi masipika a matayala, okoka ngati sutikesi, okhala ndi batire m'kati ndi timagetsi tothwanima. Otchipa anali K1,200.

Mnyamata wina anatigwira pamkono. "Bwanji ba boss? Ngenani muone. Iyi ni 5,000 watts, iliza komboni yonse. K1,800 chabe."

Pakatoni panali zithunzi za malawi a moto. M'kati munali timasipika tisanu tangati mitanda ya sopo, wufa imodzi, ndi kabokosi kowalamulira. Ndinakanyamula. Kanali kopepuka ngati paketi ya shuga. Alamu anakatembenuza, n'kuloza ndi chala kachikwangwani ka kumbuyo, pafupi ndi pamene nthambo ya magetsi imalowera. Panalembedwa 230V, 60W.

Chipangizo sichingatulutse mphamvu yoposa imene chimadya. Chikamakoka 60W pakhoma sichingapereke 5,000W kumasipika, monga chigubu cha malita 20 sichingadzaze diramu. Nambala yaikulu ija imayenda ndi zilembo zakuti PMPO, muyeso wa kugunda kwa kamphindi kochepetsetsa umene kampani iliyonse imawerengera m'njira yakeyake. Nambala yoidalira ndi ya RMS, mphamvu imene ampu imatha kupereka mosalekeza ku sipika iliyonse. Tinaisaka mbali zonse za katoniyo osaipeza. Mnyamatayo sanatinamize dala, ankangowerenga zolembedwa pamwamba. Koma chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Sitolo yachiwiri inali ya magalasi, yozizira bwino. Home theatre ya kampani yodziwika, ya masipika aatali, inali K6,500, ndipo soundbar, sipika yaitali ija yogona pansi pa TV, inali K3,900 pamodzi ndi wufa yake. Alamu anagwada kuona mapulagi a masipika: amitundumitundu, opangidwira bokosi limenelo lokha. Anadzuka akupukusa mutu. "Yanga ija inali chonchi. Chinafa chimodzi, zonse zinasanduka zokongoletsa." Ampu yeniyeni ya mafilimu yatsopano tinaiona m'sitolo imodzi yokha, pashelefu ya pamwamba, pa K14,000 yopanda sipika ngakhale imodzi. Tinathokoza n'kutuluka.

Panali potsala pamodzi. Mnzawo wa kuntchito anawauza za mmisiri wina ku Kanyama amene amakonza ndi kugulitsa ampu zogwiritsidwapo kale ntchito. Tinatsata Los Angeles Road, kudutsa pa Soweto Market, pamene tomato amaunjikidwa ngati zulu, kabichi wowola amaterera kuphazi, fungo la kapenta limakulandira usanamuone, ndipo anyamata a mawilibala, amene kuno amawatcha Zamcab, amakuimbira mluzu ali kale pa chidendene chako. Minibasi ina, K10, inatisiya m'kati mwa Kanyama. Dera limeneli n'lathyathyathya, lakhala pathanthwe, ndipo miyala yotuwa imasuzumira m'njira paliponse. M'makoma ambiri muli mzere wa matope wofika m'maondo, chizindikiro cha pamene madzi amalekeza nthawi ya dzinja, ndipo makomo ambiri anawakweza ndi mabuloko awiri kapena atatu. Tinayenda mphindi 15 kuchokera patala. Nsapato zanga zinayera ndi fumbi, ndipo thuza linayamba kundiluma kuchala chaching'ono.

Malowo anali kachipinda ka mamita awiri kwa atatu. Padenga panali sola, pansi mabatire awiri ndi inveta, kukhoma ma TV akufa osanjikizana mpaka kumalata, ndipo mpweya wonse unali wa mtovu wosungunuka ndi fumbi lotentha. Mwini wake, bambo wa imvi wa magalasi omangirira ndi waya, atamva kayankhulidwe kanga anaika pansi chowotcherera.

"Ndinu a kwathu inu. Ine kwathu n'ku Katete. Khalani apa."

Alamu anayamba kufunsa za ma watts, koma bamboyo anakweza dzanja. "Poyamba mundiyankhe zitatu. Chipinda n'chachikulu bwanji? Mulumikizako chiyani? Nanga omvetsera ndani?" Alamu anafotokoza za mapondedwe awo a m'mawa, za khanda la kuseri kwa khoma ndi za makutu a agogo, kenako anatulutsa foni n'kuonetsa chithunzi cha kumbuyo kwa TV yawo chimene anajambula tisananyamuke. Bamboyo anachikuza ndi zala, n'kugwedeza mutu. "Mwachita bwino. Ambiri amabwera ndi ndalama yokha."

Anatsitsa makina atatu patebulo. Anati anthu onse amangoti ampu, koma dzina lake ndi risiva, chifukwa m'bokosi limodzi muli zinthu zitatu: wailesi, ampu zingapo, imodzi pa sipika iliyonse, ndi mphambano pamene dikoda, TV ndi DVD zimakumanirana. Akati 5.1 ndiye kuti masipika awiri kutsogolo, imodzi pakati, awiri cha kumbuyo kwa omvetsera, ndipo 1 wa kumapetoyo ndi wufa.

Yoyamba inali yaikulu, yonyezimira, ndipo maso a alamu anakakamira pomwepo. Bamboyo anaitembenuza: 120V. "Iyi inachokera ku America. Magetsi athu ndi 230. Mukailumikiza pakhoma imalira kamodzi kokha." Anati za ku Japan nazo n'za 100V, ndipo zonsezi zimafuna thiransifoma yotsitsa mphamvu, imene ndi ndalama ina komanso katundu wina pansi pa TV. Za ku UK ndi ku South Africa zimagwirizana ndi magetsi a kuno. Yachiwiri inali ya masipika 7, koma mbali yake ya HDMI inali yakufa, ndipo sanatibisire. Anati mbali imeneyo ndi imene imakonda kuyamba kufa ndi kutentha kapena mphezi, ndipo yolowa m'malo mwake sipezeka wamba. "Komanso m'chipinda chanucho masipika 7 alibe pokhala."

Yachitatu inali Yamaha yakuda ya 5.1, yokalikakalika pamwamba, yochokera ku UK ndi pulagi yake ya mano atatu, yofanana ndi ya kuno komanso ya kwathu ku Malawi. Ndinainyamula. Mikono inadziwa yokha kusiyana kwake, makilo ngati 8. Kulemerako n'kwa thiransifoma ndi zitsulo zochotsa kutentha, ndipo pa makina akale otere ndi chizindikiro chabwino, ngakhale anatichenjeza kuti ampu zamakono za mtundu wa Class D zimatha kukhala zopepuka koma zamphamvu.

Anaiyesa ife tikuona, mosapupuluma. Anayatsa, tinadikira pang'ono, ndipo m'kati munamveka kuti tcha, chizindikiro chakuti makinawo adziyendera okha n'kulola mawu kupita kumasipika. Anatenga sipika imodzi n'kuisuntha pa malo onse asanu, paliponse pakutuluka kaphokoso koyesera kangati mvula ya mawawa paudzu. Anapotokola chokwezera mawu pang'onopang'ono kuti timve ngati chikukhetchera. Anazimitsa nyimbo n'kundiuza kuika khutu pasipika: zii. Kenako anayesa mabatani onse a rimoti, chifukwa zosintha zambiri za makina otere sungazifike popanda iyo, n'kuisiya ikuyimba mphindi 20 kuti tigwire pamwamba pake. Panali pofunda, posawotcha.

Alamu analumikiza foni yawo, kalindula n'kuyamba, dzanja lawo n'kuthamangira chokwezera mawu. Bamboyo analigwira.

"Ampu iliyonse imadziwa kukuwa, bambo. Yabwino muidziwira ikamanong'ona."

Anatsitsa mpaka tinkatha kucheza osakweza mawu. Ndinayembekeza kuti nyimbo ifota. Sinafote. Gitala ya besi inkamveka chingwe ndi chingwe, ikutsika ndi kukwera ngati munthu woyenda m'mizere, ng'oma ili pambali pake, chisekese chili chapatali kumanja, ndipo woimba ali pakatikati ngati waima pakhomo la kachipindako. Alamu anatseka maso. Panja mayi wina wosenza chidebe anaima pang'ono, n'kupitirira. Bamboyo anati m'chipinda chaching'ono munthu amagwiritsa ma watts ochepa kwambiri, ndipo kuti mawu amveke okwera kawiri pamafunika mphamvu yochuluka pafupifupi kakhumi, choncho kusiyana kwa ampu ya 50W ndi ya 100W khutu limakumva pang'ono chabe. Chimene khutu silikhululuka ndi mawu osweka.

"Ba mudala," anatero alamu, "masipika a yakale ija alipo asanu ndi wufa. Sindingalumikize amenewo?"

"Kumbuyo kwake analemba ma ohm angati?"

Alamu anaimbira achemwali, ndipo yankho linabwera: 3. Bamboyo analoza kumbuyo kwa risiva, pamene panalembedwa kuti imafuna 6 kapena kupitirira. Anafanizira ndi mpopi: sipika ya ma ohm ochepa ili ngati paipi yaikulu imene imakoka madzi ambiri kuposa mphamvu ya pampu, ndipo ampu imatentha, n'kumadzizimitsa yokha, mapeto ake n'kupsa. Chimodzimodzi amene amapachika masipika awiri pa malo a imodzi. Wufa yakale nayo sikanathandiza, chifukwa ilibe ampu yake m'kati, pamene risiva imangotumiza mawu opanda mphamvu ku wufa yodziyatsira payokha. "Komanso muli ndi malata ndi aneba. Wufa idikire."

Kenako anafika pa nkhani ya agogo. Anayatsa ka TV kakang'ono, n'kuika filimu ya nkhondo pa masipika awiri okha. Mfuti ndi nyimbo zinameza anthu oyankhula. Anatenga sipika yachitatu, yogona chammbali, anaiika pansi pa TV, n'kuikweza iyo yokha ndi rimoti. Mawu a anthu anatuluka poyera ngati munthu wachotsa dzanja pakamwa. Mfuti zinali pomwepo, koma zinabwerera m'mbuyo. M'mafilimu a 5.1 zoyankhula zambiri amaziika mu sipika ya pakatiyi, n'chifukwa chake risiva imakulola kuikweza popanda kukweza china chilichonse. Mapulogalamu ambiri a pa dikoda ndi nyimbo amabwera m'njira ziwiri zokha, kumanzere ndi kumanja, koma anatisonyeza batani la Dolby Pro Logic II, limene limatenga mawu ofanana mbali zonse ziwiri, kawirikawiri a munthu woyankhula, n'kuwatumiza pakati. Nyimbo zokha anati tizibwezera pa stereo.

"Ndiye gulani masipika atatu abwino. Awiri a kumbuyo adzabwera ndi chilimba china."

Zolumikizira zinatenga kanthawi kochepa. Risivayo inalibe HDMI ARC, njira imene inabwera mu 2009 yobwezera mawu a TV ku ampu pa nthambo imodzi, koma pa chithunzi chija panaoneka kabowo ka optical. Dikoda ipite ku TV, TV itumize mawu ku risiva pa nthambo ya optical, ndipo chilichonse chooneka pa TV chidzamveka m'masipika. Bluetooth inalibe, koma kachipangizo kongolumikiza kumbuyo kanathetsa nkhani ya ana. Ndinafunsa ngati ingayende pa inveta nthawi ya mdima. Anati imatha batire msanga, ndipo pa inveta zotchipa thiransifoma yake imang'ung'udza. Anatulutsa m'kabati kampu kakang'ono ka 12V, kokwana m'dzanja, ka K350, koyendera batire mwachindunji. Alamu anakayang'ana nthawi yaitali, n'kukabweza. Thumba linali ndi malire.

Kunenerera kunayambira pa mapini atatu, pakuti kuno K1,000 amaitcha pini. Kunatenga botolo limodzi la maheu aliyense. Risiva inatsika kufika K2,600, masipika awiri a kutsogolo K900, ya pakati K400, nthambo ya optical K80, ka Bluetooth K150, waya wa masipika mamita 6 pa K15 mita imodzi. Alamu atayamba kupinda zotsalazo, bamboyo anaika patebulo TV guard ya K250, kachipangizo kamene kamadula magetsi akakwera kapena kutsika mopitirira, n'kudikira kaye akabwerera kasanawalole kulowa. "Popanda aka sindikugulitsani. Mwaika kale maliro amodzi." Pa ndalama ya chilimba ija alamu anatsala ndi K30. Lisiti analemba pa pepala la m'kope: mwezi umodzi, kupatula mphezi ndi madzi.

Tisanatuluke anativundukulira ampu ina yakufa. M'kati munali fumbi lolukana ngati thonje ndi mphemvu zouma. Anati mwini wake ankaiphimba ndi kansalu koluka n'kuikapo maluwa. "Mukauze amayi kunyumba: pamwamba pake pasakhale kanthu. Mpata wa chikhatho mbali zonse. Ndipo isakhale pansi, dzinja likubwera."

Galimoto ya Yango, K130, inatisiya pamene msewu umathera, ndipo mamita 300 otsalawo risiva inakwera paphewa panga, ngodya yake ikundidinda m'khosi. Kunyumba kunalibe magetsi. Tinalumikiza zonse ndi tochi ya foni, ana akusinthana kugwira rimoti yosayatsa kanthu. Magetsi anabwera tili mtulo. Tinadziwira madzi ozizira a m'firiji m'mawa.

Lamulungu titaweruka kutchalitchi, achemwali anati makina a ndalama zotere sangakhale pa tebulo lodyera, ndipo anatituma ku Kalingalinga, kum'mawa kwa mzinda, ndi K450 yawo. Minibasi ziwiri. M'mbali mwa Alick Nkhata Road akalipentala amayala katundu wawo panja: mabedi, makabati, zitseko za mukwa, mageti achitsulo otsamira mitengo, fungo la vanishi ndi utuchi likusakanikirana ndi fumbi la miyala imene amayi amaphwanya ndi nyundo chapafupi, pamene kutsidya kwa msewu kwamera masitolo akuluakulu a magalasi. Makina a magetsi anali chete, kunkangomveka mapuleni a manja. Tinapeza shelefu ya matabwa a paini, ndipo alamu anapempha kalipentala kuti achotse thabwa la kumbuyo kuti mphepo izidutsa. Anazula misomali isanu ndi umodzi, osawonjezera mtengo.

Ndikudikira, ndinayang'ana chikwangwani cha msewuwo. Alick Nkhata anali woimba gitala komanso muulutsi pa wailesi ya Central African Broadcasting Station, imene inkaulutsa kuchokera mu Lusaka momwemu kupita ku Northern Rhodesia, Nyasaland ndi Southern Rhodesia, m'zilankhulo zingapo kuphatikizapo Chinyanja. Kuti anthu wamba aimve, mkulu wa zofalitsa nkhani m'boma la Northern Rhodesia, Harry Franklin, anakambirana ndi kampani ya Ever Ready ya ku Britain, ndipo mu 1949 kunabwera Saucepan Special, kawailesi ka batire kozungulira ngati poto, kogulidwa mapaundi 5. Likulu la ZNBC lili mu msewu womwewu. Madzulo ndinawafunsa agogo ngati anakaonapo. Anaseka.

"Atate anali nako, kabuluu. Mudzi wonse unkabwera pabwalo pathu. Kasipika kamodzi, koma tinkamva liwu lililonse, chifukwa aliyense anali chete."

Usiku umenewo sitinagone. Tinakhala mumdima, kandulo ili pambale, thukuta likuyenderera, udzudzu ukulira m'makutu. Nthawi itangopitirira 10 koloko, komboni yonse inakuwa pamodzi: "Malaiti!" Achemwali anathamangira simbi, ana anathamangira matchaja, firiji inayamba kung'ung'uza. TV guard inayatsa kagetsi kake kodikira, ndipo tonse tinakayang'ana ngati poto wochedwa kuwira. Kenako kanasintha. Alamu anadina batani. Tcha.

Panja ma wufa a m'mabala anali atadzuka kale, akugunda kuchokera mbali zitatu. M'nyumba mwathu alamu anaika filimu ya Chinyanja imene ana anasunga pa fulashi, anakweza sipika ya pakati pang'ono, n'kusiya zina zonse pansi. Ine sindinkayang'ana TV. Ndinkayang'ana agogo. Anaweramira kutsogolo pa mpando wawo uja, manja pamaondo. Panadutsa mphindi zisanu, kenako khumi, osatembenukira kwa mdzukulu kufunsa kuti wati chiyani. Mwamuna wa mufilimumo atayamba kulumbira kwa mkazi wake kuti anachedwa kuntchito, agogo anamenya m'manja kamodzi.

"Bodza! Anali kumowa uyu, tamuona tonse."

Ana atagona, alamu anabwezera pa stereo n'kuika kalindula wawo, motsitsa monga anaphunzirira ku Kanyama. Tinakhala awiri, mapazi pa simenti yozizira, besi ikuyenda pang'onopang'ono pakati pa masofa. Malata sanalire. Ndinatsamiritsa mutu kukhoma la kumanzere, ndipo kuseri kwake khanda lija linali m'tulo.